Nkhoswe Yoopa Mapiri

Pali nkhani imene inkayenda pakati pa Amalawi a ku Indiana, ndipo ndikumva kuti ena akuifotokozabe pa maukwati, yakuti ine ndinakhala pansi pa masitepe a chipilala cha asilikali pakati pa mzinda wa Indianapolis n'kuyamba kulira kuti ndikuopa phiri. Choyamba, sindinalire. Chachiwiri, amene amaikometsera kwambiri nkhaniyi panalibe pamalopo, ena anali asanafike n'komwe ku America. Kukhala pansi ndinakhaladi, zimenezo sindikana. Koma munthu akakhala pansi pamakhala chifukwa, ndipo pa anthu onse amene anandiseka palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzafunsa.

Ine ndine wa m'chigwa cha Shire, kumene mwana amakula osakwerapo chinthu chachitali kuposa chulu. Ndinaphunzitsa jogalafe ku sekondale mpaka imvi zinayamba. Himalaya, Andes, Alps, zonsezi ndazijambula ndi choko pa bolodi, koma phazi langa silinapondepo pamwamba pa phiri lililonse. Mkazi wanga atamwalira ndinatsatira ana ku South Bend. Anawo anasamukira kwina, ine n'kutsala m'kanyumba ka m'mwamba, ndikugwira ntchito yosanja mafayilo mu ofesi ina pafupi ndi chipatala. Indiana ndi dziko lathyathyathya ngati lichero. Mwina n'chifukwa chake ndinayamba kupita ku laibulale ya mumzinda kukawerenga mbiri ya anthu okwera mapiri. Tsamba lililonse londikhudza ndinkalifotokopa, kulilemba tsiku, n'kuliika m'katoni. Ine pepala sinditaya. Makatoniwo alipo mpaka lero, munthu wokayika abwere adzaone.

Mnzanga amene nkhaniyi ikumukhudza anali wa ku Phalombe, makaniko wa mabasi a mumzinda wa Indianapolis, wokhala m'dera la Speedway, kufupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto, ndi mkazi wake amene anali namwino. Ine ndinali nkhoswe yawo. Ankhoswe enieni anatsala kumudzi, ndiye awiriwa atangofika kuno n'kusemphana mawu pang'ono monga zimachitikira m'banja, akuluakulu a mpingo anawauza kuti apeze anthu owaimirira. Bamboyo anasankha ine. Mayi amene ankaimira kuchikazi anadzasamukira ku Texas, ndipo udindo wonse unatsalira pamutu panga. Sunali wolemera. Banjali linali la mtendere, moti unkhoswe wanga unkathera pa kudya nkhuku.

Loweruka lina ine ndinkatsika ndi msewu wa 31 kupita kwawo, lina iwo ankakwera kubwera kwanga. Asanavule n'komwe jekete ankayamba:

"Aphunzitsi, sabata ino mwakwiya ndi ndani?"

"Ndi Mjeremani wa pa Kilimanjaro."

"Munthu anawola kalekale, wakulakwirani chiyani?"

"Bukuli likuti anafika pamwamba ndi mnzake wa ku Austria. Basi. Tenti inayenda yokha? Madzi anadzitunga okha? Amtengatenga onse aja analibe mayina? Ndipo tamverani izi, achimwene: mzungu woyamba atakanena kwawo kuti waona chipale chofewa pa phiri la mu Africa, akatswiri a ku Ulaya anati n'zabodza. Anthu a m'munsi mwa phirilo akhala akuchiona kuyambira makolo awo! Ndiye kuti chinthu chimayamba kukhalapo mzungu wachiwiri akavomereza?"

"Mwawalembera kalata osindikiza?"

"Ndalemba, kope ndasunga."

"Ayankha?"

"Sanayankhe."

Ankaseka mpaka kugwira chitseko. Koma nkhanizo ankazikonda kuposa ana onse amene ndinawaphunzitsapo. Ya chingwe chimene chinaduka pa Matterhorn anthu akutsika, atafika kale pamwamba, ankandiuza kuti ndiibwereze. Ya Angerezi awiri amene anasowa m'mitambo ya Everest, mmodzi n'kudzapezeka patapita zaka zambirimbiri atauma ngati mtengo, inkawakhalitsa chete. Ndikawauza kuti ku Andes eni dziko ankafika pa nsonga zoopsa kalekale, opanda nsapato za misomali, ankawomba m'manja ngati ndi abale awo.

Iwo anakulira m'munsi mwa Mulanje ndipo ali mnyamata ankakwera ndi anzawo mpaka pa madambo a pamwamba paja. Koma ku nsonga ya Sapitwa mayi awo anawalumbiritsa kuti asadzapiteko, ndipo sanapiteko. Tsiku lina anandiuza kuti, "Ine ndakwera phiri moyo wanga wonse koma sindinaimepo pamalo pamene palibenso pokwera. Inu mwawerenga mapiri onse koma simunanunkhizepo ngakhale limodzi. Awirife tikaphatikizana tikwana munthu mmodzi. Tiyeni ku Colorado."

Tinasankha phiri lina kumeneko lokhala ndi njira ya wapansi yabwino. Phirilo linapatsidwa dzina la msilikali amene analephera kulikwera, chinthu chimene chimandinyansa mpaka lero. Mapu ndinagula ine, njira ndinailemba ine, malo ogona ndinawafufuza ine. Tinagwirizana zonyamuka m'chilimwe, iwo akatenga tchuthi. Pokonzekera tinkakwera milu ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja ya Michigan, tikakhala kwawo tinkakwera masitepe a m'kati mwa chipilala chija. Ndinaona kuti mnzangayo ankaima pafupipafupi kumanga zingwe za nsapato. Ndinawalangiza kuti agule zingwe zina. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

Lachitatu lina masana ndinamva kugogoda. Anali mkazi wawo, ali mu yunifomu, atayendetsa galimoto yekha kuchokera ku Indianapolis. Ndinamupatsa mpando, anakana, n'kukhala pansi pa kapeti miyendo atatambasula monga kwathu. Pamenepo ndinadziwa kuti si ulendo wa macheza.

"Lero sindinabwere kwa alamu," anatero. "Ndabwera kwa ankhoswe."

"Lankhulani, mayi."

"Abambo akudwala mtima."

Anafotokoza mosalira, monga munthu wopereka lipoti kwa mnzake wa shifiti. Miyendo inali kutupa moti sokosi inkasiya mzere wakuya. Pogona ankaunjika mapilo chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Mankhwala anawapeza m'bokosi la masipanala mu galaja, ndipo anali mankhwala omwewo amene iye ankapatsa odwala ake tsiku ndi tsiku. Atawafunsa anati ndi BP chabe.

"Mtima umenewu sungafike pamwamba pa phiri," anatero. "Mudzanyamuka awiri, mudzabwera nokha."

"Ndiye tiwaitane," ndinatero. "Tikhale pansi atatu, inu munene zimene mwaona, iwo ayankhe. Ntchito ya nkhoswe ndi imeneyo."

"Mumawadziwa anzanuwo. Mukawauza kuti sangathe, mawa lomwe adzapakira chikwama n'kupita okha kuti atisonyeze. Ndiponso akadziwa kuti ndinafufuza m'bokosi mwawo n'kudzaulula kwa inu, ndidzakhala ndawavula pagulu. Koma pali chinthu chimodzi chimene sangachite. Sangasiye munthu wodwala. Mukadwala inuyo, ulendo watha."

Ndinaimirira. Ine munthu amene sindinasainepo pepala la bodza moyo wanga wonse, amene ndinabwezapo mphunzitsi wamkulu pamene ankafuna kuti ndikweze malikisi a mwana wa m'bale wake!

"Mukundiuza kuti ndiname, mayi?"

"Ndikukupemphani kuti mutope, bambo."

Anagwada, n'kundipempha kuti zimene wanenazo zithere m'nyumba momwemo. Ndinalonjeza za chinsinsicho, chifukwa mawu oikidwa m'manja mwa nkhoswe samwazidwa. Za kutopazo sindinalonjeze. Lero onse awiri kulibe, n'chifukwa chake ndikutha kulemba.

Loweruka lotsatira tinapita ku chipilala. Masitepe ake ndi opanikiza, okhotakhota, ndipo m'katimo munkatentha. Iwo anali kutsogolo, ine pambuyo. Tsiku limenelo ndinasiya kuyang'ana nsapato, ndinatchera khutu. Mpweya wawo unkamveka ngati mvukuto wobooka. Ataima n'kuwerama kuti amange zingwe, ndinaona kuti zingwezo n'zomanga kale. Anatembenuka n'kundimwetulira, milomo ili mbuu.

"Tiyeni, aphunzitsi, Everest ili pakonapa."

Ndinakhala pansi.

Ndinati mutu ukuzungulira, pachifuwa pakundithina, ndipo ndikayang'ana kumene tachokera miyendo ikulobodoka. Mawu anatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa. Mnzangayo anatsika msangamsanga, anandilanda chikwama n'kuchikoleka paphewa pake, kenako anaika mkono wanga pakhosi pake. Tinatsika choncho. Kuti bodza lioneke loona ndinayenera kuwatsamira pang'ono, ndipo ndinawatsamiradi. Munthu wa mtima wofooka ananyamula munthu wabwinobwino masitepe onsewo, akumulimbikitsa kuti, "Pang'onopang'ono, akulu, ndakugwirani." Fungo la thukuta lawo ndimalikumbukabe.

Panja anandikhazika pafupi ndi kasupe n'kumandikupiza ndi mapu anga omwe. Banja lina la Amalawi limene linabwera ku msonkhano pa holo yaikulu ya mumzinda linkadutsa pomwepo. Nkhani ya kulira ija inabadwira pamenepo.

Ulendo anaukansela okha madzulo omwewo. Sanaonetse kukhumudwa ngakhale pang'ono. Anati, "Phiri silithawa. Mukalimba tipita chaka chamawa."

Ndikanakonda akanandikwiyira. M'malo mwake anandiletsa kuyendetsa galimoto mtunda wautali, n'kuyamba kubwera iwo ku South Bend Loweruka lililonse. Kanyumba kanga kanali m'mwamba, kopanda chikepe. Ndinkawamva akukwera, akuima, akukweranso. Akafika pakhomo ankatenga nthawi akupukuta nsapato pa chopondera, chifukwa mpweya wolonjerera unali usanabwere. M'manja munali jinja, adyo, ndi kamakina koyezera BP kamene anandigulira. Ankandimanga kalamba pamkono n'kumayang'ana manambala, nkhope ili ndi nkhawa. Ine ndinkayang'ana akakolo awo otupa pamwamba pa nsapato.

Anandikakamiza kupita kwa dokotala, n'kundiperekeza okha. Dokotala anandiyeza zonse n'kunena kuti mtima wanga ndi wa mnyamata. Pepala lake ndili nalo. Ndinkaganiza kuti bodza laululika, koma pobwerera m'galimoto mnzangayo anandigwira bondo.

"Ndiye kuti ndi mantha, aphunzitsi. Munthu wa kuchigwa, n'zosadabwitsa. Mantha si tchimo. Tidzawathetsa."

Pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu m'mwezi wa Julaye, Amalawi titasonkhana ku paki, bambo wina wa pakamwa anafuula anthu ali pamzere wa chakudya: "Apatseni njira akatswiri a Himalaya! Koma mbale muwaikire pansi, tebulo latalika!" Anthu anaseka, ndi azimayi omwe. Ine magazi anawira. Ndikanatha kumuyankha munthu ameneyo ndi chiganizo chimodzi n'kumukhalitsa chete mpaka Khirisimasi. Koma anamuyankha ndi mnzanga.

"Iwe unakwerapo chiyani kupatula sikelo? Asiye aphunzitsi. Matenda sasekedwa."

Mkazi wawo anali mbali ina akugawa mpunga. Anandiikira nyama yambiri kuposa wina aliyense, osandiyang'ana. Kuyambira nthawi imeneyo mwamuna wake akamabwera kwanga ankamupatsira chigumu. Ndinkachidya, koma sichinkatsika bwino.

Chisanu chinabwera n'kupita. M'mwezi wa Meyi, nthawi imene ku Speedway munthu sumvana ndi mnzako chifukwa cha magalimoto a mpikisano akuyeserera, ndinawapeza mu galaja akukonza galimoto yawo. Anali ataonda kumaso, koma maso ankawala.

"Ndapeza mankhwala a mantha anu," anatero mokweza kuti apose phokosolo. "Phiri lathu lija lili ndi msewu mpaka pamwamba. Anyamata a kuntchito akuti amachitirako mpikisano wa magalimoto. Ndiye inu mudzangokhala kumbuyo ngati bwana, ine ndikuyendetsa. Tikagona kaye m'munsi, m'mawa tikwera, tiima pamwamba, tijambulitsa, titsika. Osakhalitsa. Mukaopa mudzatsinzina, ndidzakuuzani tikafika."

Ndinati ndiganize kaye. Lolemba ndinaimbira mkazi wawo ali pa nthawi yopuma kuntchito.

"Ayi," anatero. "Mpweya wa pamwamba sudziwa kuti munthu wabwera wapansi kapena pa galimoto. Ndi wochepa basi. Kanani, bambo."

Zimenezo ndinkazidziwa ndekha. M'makatoni mwanga munali nkhani zambiri za anthu amphamvu amene anagona pansi pamwamba pa phiri osadzukanso. Koma ndikana bwanji? Dokotala anali atanena kuti ndili bwino. Kuyenda wapansi kunali kutachotsedwa. Mantha anali atawapezera njira. Mnzangayo anali atatseka mabowo onse, monga makaniko wabwino.

Ndinapitanso Loweruka n'kuwapeza mu galaja momwemo, atasintha mabuleki onse. Ndinatenga chida chokhacho chimene ndinatsala nacho, mkwiyo wanga uja umene ankaukonda.

"Achimwene, ine zimenezi sindipanga. Kukwera phiri pa galimoto n'chimodzimodzi ndi atsamunda aja amene ankanyamulidwa pa machila, akafika n'kulemba m'buku kuti akwera. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwatsutsa, lero ndikhale pa machila ine? Kumeneko si kukwera, ndi kuba."

"Koma tikaona chimodzimodzi, aphunzitsi. Maso safunsa kuti wabwera bwanji."

"Tikaona chiyani? Miyala? Munthu wamkulu ngati inu, wa zidzukulu, kumangolota phiri ngati mwana wa sukulu. Ine ndinkangokusangalatsani. Zandikwana. Musadzanditchulirenso."

Magalimoto aja anadutsa, phokoso linadzaza galaja, kenako kunakhala zii. Iwo ankapukuta sipanala ndi kansanza. Anaipukuta mbali iyi, n'kuitembenuza.

"Ndimaganiza kuti ndikukuthandizani," anatero.

"Sindinakupempheni."

"Chabwino, bambo."

Sananditchulenso kuti aphunzitsi. Maulendo a Loweruka anatha. Tikakumana pa maliro kapena pa ukwati ankandipatsa moni wa manja awiri, waulemu wonse, umene munthu amapatsa mlendo. Chigumu chokha chinkabwerabe, chikudzera mwa anthu ena. Ndinkadziuza kuti ndataya mnzanga koma ndasunga mwamuna wa mwini, ndipo kuti wamkulu ndi dzala, zonse zimatayidwa pa iye. Nkhani za mapiri ndinkazifotokopabe, koma panalibe wondifunsa kuti sabata ino ndakwiya ndi ndani.

Zilimwe ziwiri zinadutsa. Masamba atayamba kufiira mkazi wawo anandiimbira kuti agonekedwa m'chipatala china pakati pa mzinda, ndipo akundifuna. Ndinafika masana. Chipinda chawo chinali m'mwamba kwambiri, ndipo pawindo munthu ankaona mzinda wonse mpaka kumene minda ya chimanga imakumana ndi thambo, popanda ngakhale kachitunda. Anali atatsamira mapilo, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. Mkazi wawo anandipatsa mpando n'kutuluka kuti akalankhule ndi anamwino anzake.

"Aphunzitsi," anatero. "Mwafika pamwamba pano osakomoka?"

"Pali chikepe."

"Machila amenewo."

Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Ndinawagwirira kapu ya madzi. Atapuma anati ali ndi mlandu kwa ankhoswe awo: anandibisira matenda. Anafotokoza zonse zimene ndinali nditazimva kale pa kapeti yanga, za miyendo, za mapilo, za bokosi la masipanala. Ndinayenera kuonetsa kudabwa, ndipo ndinaonetsa. Kenako ananena zimene sindinkazidziwa.

"Mutakhala pansi inu pa masitepe paja, ine ndinachita mantha. Ndinati ngati munthu wabwinobwino wagwa chonchi, nanga ine? Chisanu chitatha ndinapita kwa dokotala wanga n'kumuululira za ulendo wonse. Anandikalipira ngati mwana. Anati wapansi iwalani. Koma anati pa galimoto, mutamwa mankhwala bwinobwino, mutagona kaye m'munsi kuti thupi lizolowere, n'kukakhala pamwamba kanthawi kochepa, pitani. Ndipo anati pitani chaka chomwe chino, mtimawu ukadali ndi kamphamvu, za chaka chamawa sindikulonjezani." Anapuma. "Ndiye machila aja anali anga, aphunzitsi. Ndinangochita manyazi kunena, ndinabisala kumbuyo kwa mantha anu."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanapitire ndi wina.

"Ndi ndani? Mayi a kunyumba akanandifunsa mafunso a chipatala, ine n'kugwidwa. Ndipo ndekha ndikanakatani pamwambapo? Ndani akanandiuza kuti anafika poyamba ndi uje, koma anamunyamulira katundu ndi uje amene sanalembedwe? Phiri lopanda mkwiyo wanu silikanakoma." Anandigwira dzanja. "Musade nkhawa. Inu mtima wanu unakana, ine ndinakukakamizani mpaka munapsa mtima. Wolakwa ndine. Ndinakuitanani kuti mundikhululukire."

Ndinati ndawakhululukira. Ndinanenadi mawu amenewo, ine, kwa iwo.

Mlandu umenewu ndakhala ndikuuzenga ndekha kwa zaka, ndipo nthawi zambiri ndimapambana. Anandipempha ndi mkazi wawo, namwino wodziwa ntchito yake. Zimene ananena za mtima zinali zoona. Mwina dokotalayo analakwitsa, mwina akanafera pamsewu wa phirilo ine ndili kumbuyo ngati bwana. Ndani angatsimikize? Ndipo iwo eni, bwanji anabisa? Mfundo zonsezi n'zolimba. Koma ndikamaliza kupambana, pamatsala chinthu chimodzi chimene sichisuntha. Ntchito ya nkhoswe ndi kukhazika anthu awiri pa mphasa imodzi kuti amvane. Ndinaidziwa, ndinaitchula ndi pakamwa panga tsiku loyamba lomwe. Tikanakhala pansi atatu, wina akanakwiya, wina akanalira, kenako wina akanati tiyeni tikafunse dokotala tonse. Ulendo wake unali wa masiku ochepa chabe, mabuleki anali atasinthidwa kale.

Anayamba kuwodzera ndili pomwepo. Ndinawakonzera bulangete n'kutuluka. Mkazi wawo ndinamupeza pakhonde, atatsamira khoma pafupi ndi chikepe, nsapato imodzi ataivula kuti phazi lipume. Anali atakalamba m'zaka zochepazo. Anaweramitsa mutu monga ankachitira nthawi zonse akandiona.

"Zikomo, bambo," anatero. "Zaka izi ndakhala nawo chifukwa cha inu. Sindiiwala." Kenako anandiyang'ana. "Mwakhalitsa. Amakuuzani chiyani?"

Ndinaona kuti za dokotala uja sankazidziwa, ndipo mwamuna wake sakanamuuza. Mawu akuti kanani anali ake. Akanamva, akanawasenza mpaka kumanda.

"Palibe, mayi," ndinatero. "Timangokamba za mapiri."

Anamwetulira, anavala nsapato ija, n'kubwerera kwa mwamuna wake.